Azitona pa Mtunda wa Lichinga: Masamu Ayambe, Khasu Pambuyo

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

 Nthawi yathu ya zaulimi yakwana. Amene muli ndi kope ndi cholembera pafupi, tengani, chifukwa lero kuli masamu.

Pali funso limene likumveka masiku ano, makamaka kwa aphunzitsi ndi antchito aboma amene atsala pang'ono kupuma pantchito. Munthu amalowa m'sitolo, naona kabotolo ka mafuta a azitona ka Gallo kapena Oliveira da Serra, nawerenga mtengo wake, mutu n'kuyamba kuthamanga. Amati: kuno ku Lichinga kumazizira, malo alipo ambiri, bwanji ndisadzale mitengo imeneyi kuti ndalama za penshoni zindiberekere? Funso ndi labwino, ndipo sindikufuna kuliseka. Koma tiliyankhe ndi cholembera m'manja.

Tiyambe ndi mtengo wa m'sitolowo. Dziko la Spain ndilo limayenga mafuta a azitona ochuluka kuposa dziko lina lililonse, ndipo zaka zabwino limafika pafupi ndi theka la mafuta onse a padziko lapansi. Mu 2022 ndi 2023 kunagwa chilala kumeneko. Kholola la 2022 kulowa 2023 silinafike ngakhale matani 700,000, pamene chaka chapambuyo pake chinali chitapereka pafupifupi matani 1.5 miliyoni. Mafuta atasowa, mtengo unathawa, mpaka mu Januwale 2024 kilogalamu imodzi inkagulidwa pafupifupi mayuro 9 kwa oyenga enieniwo. Mvula itabwerera, mitengo inaberekanso, ndipo mu 2025 mtengo uja unali utatsika ndi theka, mwinanso kuposa. Tsono taganizani za munthu amene anachita masamu ake mu Januwale 2024, nadzala mbande, podalira mtengo wa mwezi umenewo. Mitengo yake lero idakali yaing'ono, sinamupatse ngakhale dontho limodzi, koma masamu ake anatha kale ntchito. Amene amaika mtengo wa mafutawa si inu kapena ine. Ndi mvula ya ku Jaén, kumwera kwa Spain.

Funso lachiwiri ndi limene ambiri amalidumpha: kodi mtengowu ubereka kuno? Mvetsetsani bwino, sindikufunsa ngati umera. Kumera umera, masamba uchita, mthunzi upereka. M'mapiri ambiri a kuno kummwera kwa Africa muli ngakhale azitona wakutchire, mbale wake wa uja wa ku Ulaya, koma zipatso zake n'ting'onoting'ono, mnofu wake ndi wochepa, palibe amene amayengapo mafuta ogulitsa. Nkhani ili pa maluwa ndi zipatso.

Kwawo kwa azitona, m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, mvula imagwa nthawi yozizira, ndipo nthawi yotentha kumauma gwa. Kuno n'zotembenuka. Lichinga ali pamtunda wa mamita opitirira 1,300, mvula yathu imayamba cha mu Novembala mpaka Epulo, imapitirira mamilimita 1,000 pachaka, ndipo chisanu chathu cha Juni ndi Julayi n'chouma. Kuti azitona achite maluwa ambiri amafuna masabata ochuluka ozizira, madigiri 12 kapena kutsika. Usiku wa Juni kuno umafika cha pa madigiri 10, n'chifukwa chake timagona ndi mabulangete awiri, koma masana dzuwa limafunda. Ndiye kuti tili m'malire: mtundu wina wa azitona ukhoza kukhutira ndi chisanu chathu, wina ayi, ndipo chaka china chikhoza kukwanira, china osakwanira. Maluwa akagwira, zipatso zidzakula m'kati mwa dzinja, pamene Januwale ndi Febuluwale akukhuthula mvula usana ndi usiku. Chinyezi chimabweretsa matenda owoletsa zipatso ndi othothola masamba, mizu ya azitona imadana ndi madzi odikha, ndipo chipatso chomwa madzi ambiri chimatulutsa mafuta ochepa.

Wina anena kuti, nanga ku South Africa bwanji amalima? Amalimadi, koma pafupifupi minda yonse ili ku Western Cape, kumene mvula imagwa nthawi yozizira monga ku Spain. Mtaliyana wina dzina lake Ferdinando Costa ndiye anayamba kudzala kwambiri ku Paarl m'zaka za m'ma 1920, ndipo sanasankhe malowo mwangozi.

Chitsanzo chimene chikufanana kwambiri ndi kwathu kuno ndi cha ku Brazil. M'mapiri a Mantiqueira, m'chigawo cha Minas Gerais, muli tauni yotchedwa Maria da Fé. Kutalika kwake pamwamba pa nyanja n'kofanana ndi kwathu kuno, mvula yawonso imagwa nthawi yotentha, ndipo amayenga mafuta abwino ndithu. Chitsanzo chimenechi ndicho chimatipatsa chiyembekezo. Koma onani zinthu ziwiri. Choyamba, Maria da Fé ali kummwera kwambiri kuposa ife, chisanu chake n'chowawa, m'mawa wina udzu umachita kuyera ndi madzi oundana. Chachiwiri, bungwe lawo la kafukufuku wa zaulimi, EPAMIG, linatha zaka makumi angapo likuyesa mitundu ya azitona lisanayenge mafuta oyamba mu 2008. Ndalama zoyesera zinali za boma, sizinali za penshoni ya mphunzitsi. Ndipo mpaka lero pafupifupi mafuta onse a azitona amene anthu a ku Brazil amadya ndi ochokera kunja.

(Kanyimbo kakafupi)

Tsopano tsegulani kope lija. Tiyerekeze kuti mwasankha kudzala hekitala imodzi, ndipo tiyerekezenso kuti mitengo ibereka. Manambala a ndalama amene nditchule ndi oyerekezera chabe, kuti tione m'mene masamu amayendera. Inu mukaikepo mitengo yeniyeni imene mukafunse nokha.

Tsamba loyamba lembani zolowa musanakolole. Mukatalikitsa mitengo mamita 6 mbali ina ndi mamita 5 mbali ina, hekitala imalowa mitengo yopitirira pang'ono 300. Mbande zabwino, za mtundu wodziwika, muyenera kuitanitsa kutali, mwina ku South Africa komwe. Zimenezo zikutanthauza mtengo wa mbande, galimoto, chilolezo cholowetsera mbewu m'dziko, ndiponso zina zofera panjira kapena chaka choyamba. Lembani zogula kachiwiri zolowa m'malo mwa zakufazo. Lembani kuswa mphanje, kuzula zitsa, kukumba mayenje 300, manyowa, laimu ngati dothi lanu lofiira lili ndi asidi wambiri, pakuti azitona sakonda dothi lowawasa. Lembani madzi. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala kuno sikugwa mvula yodalirika, ndipo kamtengo ka chaka chimodzi sikangapirire miyezi yonseyo popanda kuthirira. Kaya ndi mjigo, kaya pampu ya dzuwa, kaya anyamata a ganyu onyamula zigubu, zonsezo ndi ndalama. Lembani mpanda wotchinga mbuzi. Lembani mankhwala a chiswe. Lembani kulambula njira yotchinga moto chaka ndi chaka, chifukwa tonse tikudziwa zimene zimachitika mu Sepitembala ndi Okutobala tchire likauma: moto wa osaka mbewa umatha ntchito ya zaka zisanu pa ola limodzi. Ndipo lembani mlonda.

Pamenepa pali msampha umene umagwira ambiri. Munthu amawerenga zolowa za chaka choyamba chokha, naganiza kuti watha. Azitona amayamba kuonetsa tizipatso patapita zaka 3 mpaka 5, ndipo kubereka kwenikweni kumafika cha pa zaka 8 mpaka 10. Zaka zonsezo kupalira kulipo, kudulira nthambi kulipo, kupopera kulipo, mlonda akudya. Choncho tsamba lililonse la kopelo likhale chaka chimodzi, ndipo mulembe masamba khumi. Pansi pa masamba anayi oyambirira, pamalo a zolowa m'thumba, lembani ziro, ndipo musachite naye manyazi ziro ameneyo.

Palinso ndalama ina yosaoneka. Hekitala imeneyo bwenzi mutalimapo nyemba, mbatatesi kapena soya. Nyemba za kuno ku Niassa zili ndi msika, magalimoto amabwera kudzazitenga kupita nazo ku Nampula ndi kutsogolo. Phindu limene hekitala imeneyo imakupatsani chaka chilichonse, liwerengeni ngati ndalama imene azitona akukudyerani. Mukhoza kuchepetsa kutayako podzala nyemba pakati pa mizere mitengo idakali yaing'ono, ndipo ndikulimbikitsa zimenezo, koma lembani zonse ziwiri kuti muone chimene chikudyetsa chinzake.

Tifike pa kukolola. Tiyerekeze kuti chaka chachisanu ndi chitatu mtengo uliwonse wapereka makilogalamu 10. Mitengo 300 ndiye matani 3. Kumene nyengo ili yabwino, lita imodzi ya mafuta imafuna makilogalamu 5 mpaka 7 a zipatso. Titenge 6. Matani 3 aja atipatsa malita 500. Kumalo a mvula yambiri ngati kuno, lita ikhoza kufuna makilogalamu 8 kapena kuposa, ndiye malita aja atsika kufika 375. Komanso azitona ali ndi khalidwe lake: akabereka kwambiri chaka chino, chaka chamawa amapuma. Musachulukitse chaka chabwino ndi khumi. Tengani chabwino ndi choipa, muphatikize, mugawe pawiri.

Nanga malitawo atuluka bwanji m'zipatsomo? Apa ndiye pagona nkhani. Chimanga mumachiika m'nkhokwe, nyemba mumazisunga m'matumba kudikira mtengo ukwere. Azitona sadikira. Mukathyola lero, afinyidwe lero lomwe kapena mawa. Akakhalitsa m'matumba amayamba kusasa, ndipo mafuta ake sakhalanso aja okwera mtengo amene munawaona m'sitolo. Ku Portugal, m'chigawo cha Alentejo, mlimi amangonyamula zipatso kupita kumakina apafupi, nalipira, nabwerera ndi mafuta ake. Kumeneko damu la Alqueva linabweretsa madzi a mthirira, ndipo minda yatsopano imadzala mitengo 1,500 kapena kuposa pa hekitala, yokolola ndi makina. Awo ndiwo mukupikisana nawo. Inu woyamba kudzala kuno, makina ndi anu ogula nokha. Makina a mpendadzuwa kapena mtedza sagwira ntchito imeneyi, chifukwa azitona amaphwanyidwa ndi nthanga zake zomwe, phalalo n'kutakasidwa, kenaka mafuta n'kulekanitsidwa ndi madzi. Makinawo afuna magetsi, madzi aukhondo, matanki achitsulo chosachita dzimbiri, ndi mmisiri wowakonza akawonongeka. Ndipo agwira ntchito masabata ochepa pachaka, miyezi ina yonse ali chigonere. Kugulira makina otere hekitala imodzi kuli ngati kugula thirakitala yolimira kadimba ka kuseri kwa nyumba.

Tsopano ngongole. Amayi ndi abambo, mvetserani bwino pano. M'dziko lathu lino malo ndi a boma, sagulitsidwa, ndipo simungawapereke chikole kubanki. Banki idzafuna nyumba yanu kapena malipiro anu. Mu 2023 ndi 2024 chiwongoladzanja cha mabanki athu chinali pamwamba pa 20 peresenti pachaka. Chatsikako, koma sichinafike poti n'kudikira nacho mtengo zaka zisanu. Tiyeni tione. Mwakongola mametikali 500,000 pa 20 peresenti. Chaka choyamba chiwongoladzanja chokha ndi 100,000. Ngati simukubweza kanthu chifukwa mitengo sinayambe kubereka, ndipo chiwongoladzanja chikuberekerana, pakutha pa zaka zisanu ngongole ija yafika pafupifupi 1,244,000. Chiwongoladzanja cha chaka chimodzi pa ndalama imeneyo ndi pafupifupi 249,000. Tsono tiyerekeze kuti malita 500 aja mwagulitsa pa mametikali 600 lita imodzi, mutachotsa kale botolo ndi mayendedwe. Mwapeza 300,000. Banki yatenga 249,000, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe, antchito musanawalipire. Ndipo kumbukirani kuti malita 500 tinawaika chaka chachisanu ndi chitatu, osati chachisanu. Zaka zitatu zapakatizo werengerani nokha.

Ndinene mosabisa maganizo anga: mtengo wochedwa kubereka sudzalidwa ndi ngongole ya banki yamalonda. Umadzalidwa ndi ndalama imene mungathe kuiiwala zaka khumi osagona ndi njala, ana osachotsedwa sukulu.

(Kanyimbo kakafupi)

Tiyerekeze kuti zonse zayenda, mafuta ali m'mabotolo. Agula ndani? Pitani pamsika wa Chiuaula mawa m'mawa, muime pafupi ndi ogulitsa mafuta ophikira. Muona anthu akugula kabotolo kakang'ono, ena timapepala tomanga ta ndiwo za tsiku limodzi. Ambiri mwa mafuta amenewo ndi ochokera ku kanjedza wa kunja, amalowa pa madoko athu n'kuyengedwa ku Nacala, ku Beira kapena ku Matola, ndipo anthu amawagula chifukwa ndi otsika mtengo. Ogula mafuta a azitona kuno ndi owerengeka: mahotela, malo odyera angapo, mabanja ochepa opezako bwino. Malita 500 mukhoza kuwathera kuno ngati mwayenda khomo ndi khomo. Malita 5,000 afuna Nampula, Beira kapena Maputo, ndipo kumeneko mukakumana ndi mabotolo a ku Portugal amene anthu anawazolowera kuyambira kale. Mayendedwe asintha, inde. Njanji ya Cuamba kufika Lichinga, makilomita 262, inatsegulidwanso mu 2016, ndipo msewu wodzera ku Mandimba tsopano ndi wa tala. Koma doko la Nacala likadali makilomita pafupifupi 800 kuchokera pano, ndipo botolo lopanda kanthu limene mukufuna kuthiramo mafuta liyenera kuyenda ulendo womwewo kubwera kuno.

Kwa ife a ku Mozambique nkhani zotere si zachilendo. Akuluakulu mukukumbukira jatrofa. M'zaka zoyambirira za ulamuliro wa Pulezidenti Armando Guebuza anthu analimbikitsidwa kudzala mtengo umenewu kuti tiyenge mafuta a galimoto. Kunkanenedwa kuti umamera paliponse, sufuna madzi, sufuna feteleza. Kumera unameradi. Koma pa dothi losauka unabereka pang'ono, tizilombo tinaugwira, ndipo wogula sanaoneke. Kampani ya ku Britain ya Sun Biofuels, imene inali ndi munda waukulu ku Chimoio, inagwa mu 2011. Kuno kwathu tinaona paini ndi bulugama wa Chikweti, kampani imene inabwera ndi ndalama za mipingo ya ku Sweden ndi Norway pamodzi ndi thumba la penshoni la ku Netherlands. Inakumana ndi mikangano ya malo ndi midzi, moto unkalowa m'minda, ndipo mu 2014 inalowa m'manja mwa kampani ina ya Green Resources. Amenewo anali ndi akatswiri owerengera ndalama ndi mamiliyoni a madola. Ngati iwo anapunthwa pa malo, pa moto ndi pa kutalika kwa msika, inu ndi ine tipunthwa pomwepo tikapanda kuwerengera.

Popeza tatchula za malo, musadzale mtengo wokhala zaka makumi ambiri pamalo amene simunakhazikike. Lamulo la malo la 1997 limavomereza amene akhala pamalo mwa mwambo wa makolo, komanso nzika imene yagwiritsa ntchito malo zaka 10 mwachilungamo. Koma ngati mukutenga malo atsopano a bizinesi, pamafunika DUAT, chikalata cha ufulu wogwiritsa ntchito malo, ndipo isanatuluke pamakhala msonkhano ndi anthu a m'mudzimo pamodzi ndi mfumu yawo. Musauone msonkhano umenewo ngati chotayitsa nthawi. Anthu amene simunawafunse ndiwo amayang'ana kumbali moto ukamalowa m'munda mwanu. DUAT yoyamba imakhala yongoyembekezera, zaka 5 kwa nzika ya dziko lino, ndipo boma limabwera kudzaona ngati mwachita zimene munalonjeza papepala. Mukalemba mahekitala 20 pamene thumba lanu likukwanira 2, mwadzitchera nokha.

Ena a inu cholinga chenicheni si azitona ayi, ndi bizinesi ya mafuta. Ngati ndi choncho, ikani mpendadzuwa patsamba lina la kope lomwelo, mufananize. Mpendadzuwa umacha pa miyezi inayi. Nthanga zake zimasungika, mukhoza kugulanso kwa anansi kuti makina asagone. Makilogalamu 4 kapena 5 amapereka lita imodzi pa makina ang'onoang'ono, ndipo zotsala pofinya ndi chakudya cha nkhuku ndi nkhumba, chimenenso ndi ndalama. Phindu pa lita ndi lochepa, ndipo mupikisana ndi mafuta otchipa a ku Nacala, musaiwale. Koma mukalakwitsa mudziwa chaka chomwecho, osati patapita zaka zisanu ndi zitatu. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Enanso mtima wanu uli pa mitengo, chuma chosiyira adzukulu. Makademiya akudzalidwa kale pamtunda wathu uno ndi makampani, ndipo kutsidya ku Malawi, ku Thyolo ndi ku Ntchisi, akhala akubereka kwa zaka zambiri, choncho funso la maluwa linayankhidwa kale. Koma nawonso amafuna zaka zodikira, ndipo mtengo wake unagwa kwambiri mu 2022 ndi 2023. Masamba khumi aja a m'kope akufunikanso pamenepo.

Nanga amene mtima wakana, ukufuna azitona basi? Sindikuletsani. Wina ayenera kuyamba, ndipo mwina ndi inu. Koma yambani ngati woyesa. Dzalani mitengo 20 kapena 30, osati 300. Sakanizani mitundu itatu kapena inayi, chifukwa mitundu imathandizana pa mungu, ndiponso simudziwiratu umene ukonde kuno. Arbequina, amene a ku Brazil amadzala kwambiri, asasowepo, pakuti amayamba kubereka msanga. Sankhani malo otsetsereka, opita mphepo, osadikha madzi. Gulani kachipangizo koyezera kuzizira, mulembe m'kope usiku uliwonse wa Meyi mpaka Ogasiti. Lembani tsiku limene maluwa aoneka, mitengo ingati yagwira zipatso, makilogalamu angati, matenda ati. Musagule makina kufikira mitengo itabereka zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana. Zipatso zoyambazo mukhoza kuziviika m'madzi amchere n'kugulitsa ngati azitona wakudya, zimene zimafuna ndowa ndi mchere basi, ngakhale mitundu ina ndiyo imakoma kwambiri mwa njira imeneyi. Ndipo musayese panokha mwakabisira. Kuno ku Lichinga kuli malo a kafukufuku a IIAM, ku Unango kuli sukulu ya zaulimi ya UniLúrio, ndipo m'boma lililonse muli alangizi a SDAE. Apititsireni dothi lanu akaliyeze, muwaonetse kope lanu, ophunzira abwere adzaone mitengoyo.

Amayi, mawu awa ndi anunso. Nthawi zambiri bambo ndiye amabwera ndi maloto a munda, koma amene amadziwa ndalama imene nyumba imadya pa mwezi ndi inu. Kope lija mulembere limodzi, ndipo ndalama ya chipereganyu cha xitique kapena ya sukulu ya ana isalowe m'dzenje la mbande musanagwirizane.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzatenga mpendadzuwa patokha: mbewu yake, nthawi yodzala kuno kumtunda, ndi masamu a gulu la alimi khumi ogula makina amodzi. Amene muli ndi mitengo ya azitona pakhomo, ngakhale umodzi wokha, kaya pa mishoni kaya kumunda, tilembereni mutiuze zaka zake ndiponso ngati unachitapo maluwa, mwezi uti. 

(Nyimbo yotsekera)